Yaikazi Ndi Nkhokwe

1. Dalaivala wa lole ya nyama

Nkhaniyi anayamba kundiuza ndi dalaivala wa lole yonyamula nyama. Ndinamupeza m'mbali mwa msewu atagona chagada pansi pa lole yake, miyendo yokha ikuoneka. Ine ndinali paulendo monga mwa masiku onse, pakuti mapazi angawa sadziwa kukhala pamodzi. Anandipempha kuti ndimugwirire sipanala. Ndinagwira sipanalayo mpaka dzuwa kupendeka, iye akumanga uku akusimba.

Anati zinachitikira kunkhalango ina yozunguliridwa ndi mpanda wa waya. Kale munali mikango, akambuku ndi afisi. Anthu anazitha zilombozo chifukwa zinkagwira mbuzi ndi ng'ombe. Zitatha, mbawala zinatsala popanda woziopseza. Zinaswana, n'kuswananso, mpaka msipu unachepa. Zinayamba kukwawa pansi pa waya n'kumadya m'minda ya anthu.

Apo a ofesi yoona za nyama anapereka chilolezo kwa mlenje wina wachikulire, amene nyumba yake inali pafupi ndi chipata cha nkhalangoyo. Lamulo linali lakuti chaka chilichonse, m'miyezi iwiri ya chilimwe, aphe mbawala makumi anayi: zazikazi makumi atatu, zamphongo khumi. Nyama ankaisenda n'kuidula yekha, lole n'kumaipititsa kusukulu yogonera komweko ndi kuchipatala. Ku ofesi kunkapita zinthu zitatu zokha: nsagwada ya mbawala iliyonse, nyanga za mphongo khumi zija, ndi buku. Paja mbawala yaikazi ilibe nyanga.

Mlenjeyo sankadziwa kulemba. Zaka ziwiri zoyamba bukulo ankalemba ndi mwana wake wamwamuna, amene pambuyo pake anapita kutawuni kukafuna ntchito. Chaka chachitatu cholembera chinagwera m'manja mwa mlongo wa mnyamatayo, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Bambo ake ankamuseka pomutchula kuti Alembi, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka kusukulu.

2. Za kudenga la shedi

Linali Loweruka, tsiku lomaliza la nyengo yosaka. M'buku munatsala mzere umodzi wosalembedwa. Masana a tsiku lomwelo kunali kubwera mayi wa ku ofesi kudzatenga bukulo.

Alembi anadzuka thupi lonse likuphwanya. Miyezi iwiri yonse, m'mawa uliwonse, ankanyamula thumba ndi mpeni kutsatira bambo ake, kenako n'kuthamangira kusukulu manja akununkha magazi. Anzake m'kalasi ankagwira mphuno akamadutsa.

Panja anapeza amayi ake ataima njo m'dimba, manja ali m'chiuno.

"Tabwerani mudzaone, bambo ake a mwana," amayiwo anaitana. "Kabichi yense zabudula. Nyemba zatsala mitengo yokha. Ndabzala katatu chaka chino, katatu! Zaka zitatu mukuwombera, koma zikungochuluka ngati nsabwe. Kodi mfuti yanuyo imabzala mbawala?"

"Mfuti imapha, mayi," mlenje anayankha akumanga zingwe za nsapato. "Kubereka n'kwa Mulungu."

"Ndiye muwauze a Mulunguwo kuti dimba ndi langa."

Mlenje anaseka pang'ono, kuseka kotopa. "Alembi, katengeni sowo ndi thumba. Dzuwa silidikira munthu wa sukulu."

Mtsikana analowa mu shedi ya kuseri kwa nyumba. Munali makasu, chitini cha mafuta a mfuti ndi njinga yopanda matayala. Anatenga sowo pamsomali. Sanafune kuyang'ana kumwamba, koma maso anapita okha. Pamitanda ya denga panali masaka omangidwa ndi zingwe, ndipo pamene saka linang'ambika, nsonga ya nyanga inkasuzumira.

Chinsinsi cha nyumba imeneyo chinali chimenechi: mlenjeyo anali asanaphepo mbawala yaikazi ngakhale imodzi m'zaka zitatu zonsezo. Ankapha zamphongo zokhazokha. Nyanga za khumi ankapereka ku ofesi, zotsalazo n'kuzibisa kudenga. Akatero ankauza wolemba kuti alembe "yaikazi". Mchimwene wake wa Alembi analemba choncho zaka ziwiri. Alembi naye anali atalemba kale bodzalo kokwana makumi awiri ndi kasanu ndi kanayi. Onse m'nyumbamo ankadziwa kuti a ofesi akadzazindikira, chilolezo chidzapita, ndipo mlenje wopanda chilolezo ndi nkhalamba chabe yokhala pakhonde.

Dalaivala uja anandiuza kuti iye sankadziwa kanthu. "Ine ndinkalandira miyendo ndi nthiti," anatero. "Mwendo wosenda suvala siketi kapena buluku."

3. Pa kasupe

Analowa pachipata dzuwa litangotuluka. Bambo patsogolo, mwana pambuyo.

Nkhalango inali mbee! Pansi panalibe udzu, fumbi lokhalokha ndi zitosi za mbawala. Mitengo yonse inali yometedwa mofanana: kuchokera pansi mpaka pamene khosi la mbawala limafika panalibe tsamba, ngati wina wadutsa ndi lumo. Mitengo ing'onoing'ono inali yosendedwa makungwa, itauma chiimire.

"Chaka chatha pano pankabisala munthu," Alembi anatero. "Lero ndikuona mpanda wa tsidya lija."

"Wosaka salankhula," bambo ake anamudula.

Atayandikira kasupe anamva fungo. Pamatope panagona kamwana ka mbawala, kakufa, ntchentche zili ng'waa. Nthiti zake zinkawerengeka, m'makutu muli nkhupakupa tolotolo. Kameneka kanali kachisanu kuti Alembi akaone mwezi umenewo. Mlenje anakakokera patchire ndi phazi, n'kukakwirira ndi nthambi zouma.

Anabisala kuseri kwa chulu. Sipanapite nthawi, gulu la mbawala linatsika kudzamwa. Zinalipo zoposa makumi atatu, zazikazi ndi ana, zikukankhana pa madzi ochepawo. Kutsogolo kwenikweni kunaima yaikazi yokalamba, yothothoka ubweya pamsana, mawere ouma, yopanda mwana. Inaima chopingasa pafupi kwambiri, mwakuti ngakhale mwana woponya mwala sakanaiphonya.

"Iyo, Ababa," mtsikana ananong'ona. "Ilibe mwana. Ndi imene a ofesi amanena."

Mlenje anakweza mfuti. Anaika tsaya pamtengo wa mfutiyo. Alembi anatseka makutu n'kudikira.

Kunali zii.

Atatsegula maso anaona mfuti itatsika, bambo ake akupukuta thukuta ndi chipewa. Mbawala yokalamba ija inamwa, n'kuchoka pang'onopang'ono ikutsimphina.

Anadikiranso mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako kunatulukira mphongo imodzi yaing'ono, nyanga zake zosaposa chikhatho. Zazikuluzikulu zinali zitatha kalekale. Ulendo uno mfuti sinazengereze. Phuu! Mbawala inagwa pomwepo, gulu lonse n'kubalalika.

4. Mzere womaliza

Anaikokera pamthunzi. Mlenje anaitumbula, kuisenda ndi kuidula mwaluso lake lija, osataya ngakhale kachidutswa. Anachotsa nsagwada n'kumangirira kachitsulo ka nambala. Pomaliza anatenga sowo, kudula nyanga ndi kuziponya m'thumba.

"Tulutsani buku, Alembi. Nambala makumi anayi. Pa kasupe. Yaikazi."

Mtsikana analemba nambala. Analemba tsiku ndi malo. Cholembera chinaima pa kabokosi komaliza.

"Inki yatha?"

"Ayi, Ababa."

"Nanga dzanja lauma?"

"Ababa, kamwana kaja takaona pamatope, wakapha ndani?"

"Chilala."

"Mvula inagwa bwino chaka chino. Amayi anakolola mpaka kusowa masaka."

Mlenje anapukuta mpeni pabuluku lake. Anakhala pamuzu wa mtengo n'kutambasula mwendo wake wodwala bondo.

"Khala pansi, mwanawe, undimvetse. Ine ndili msinkhu wakowu, nkhalango ino inalibe nyama. Tinkayenda masiku atatu osaona ngakhale phazi la mbawala. Misampha ya waya inali itazimaliza. Tsiku lina ndinaba mfuti ya agogo ako, ndili ndi njala ya ndiwo ndi mtima wofuna kutchuka. Ndinapeza yaikazi pa kasupe yemweyu, n'kuigwetsa. Ndinathamanga kukawaitana, ndikuti andiyamikira.

"Agogo ako sanandimenye. Anaitumbula okha. M'mimba munali kamwana, kakugundagunda. Anakaika m'manja mwangamu n'kunena kuti, 'Nyamula mpaka kunyumba.' Kanafera m'manja muno tisanafike pachipata. Kenako anandigwira khutu ili. Anati, 'Mphongo ndi chimanga chakudya, ungathyole. Yaikazi ndi nkhokwe ya mbewu. Wotentha nkhokwe chifukwa cha njala ya tsiku limodzi, adzadya phulusa chaka chamawa.' Mwezi wathunthu sanandilankhule.

"Nthawi imeneyo zazikazi zinatsala zisanu ndi ziwiri m'nkhalango yonse ino. Zisanu ndi ziwiri! Tinkazidziwa ngati ana athu. Tinkayenda m'mawa uliwonse kuchotsa misampha, popanda wotituma. Ofesi inali kuti? Mayi wa ku ofesi wotolera nsagwadayo anali asanabadwe. Zonse ukuzionazi ndi zidzukulu za zisanu ndi ziwiri zija. Ndiye lero munthu abwere ndi pepala, ati ipha makumi atatu chaka chilichonse? Pepala silinanyamulepo kamwana m'manja. Ine ndimawapatsa makumi anayi awo, nyama imafika kuchipatala, palibe amene ndamubera. Chimene ndikukupempha ndi liwu limodzi lokha. Usadzakhale mwana wovula bambo wake pagulu. Chilolezo chikapita, sichibwerera kwa munthu wa imvi ngati ine."

Alembi anayang'ana mitengo yometedwa ija.

"Nanga mbewu ikachuluka kuposa munda, Ababa?"

"Usandiphunzitse ulimi. Lemba."

Mtsikana anatseka buku n'kuliika m'thumba la diresi. "Ndikalemba kunyumba. Manja ali ndi magazi."

Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasenza nyama paphewa, n'kuyamba ulendo.

5. Mayi wa nsagwada

Mayi wa ku ofesi uja anthu ankamutchula kuti mayi wa nsagwada chifukwa kulikonse ankayenda ndi katoni ya nsagwada za mbawala. Poyang'ana mano ankadziwa zaka za nyama. Koma nsagwada simuuza munthu ngati nyamayo inali yaikazi kapena yamphongo. Pa zimenezo ankadalira buku.

Tsikulo anabwera pa lole ya dalaivala uja, chifukwa njinga yake yamoto inali itawonongeka. Anatsika movutika, mapazi atatupa, n'kudzigwetsa pampando wa pakhonde. Amayi a Alembi anamupatsa madzi m'kapu yachitsulo.

"Mwaswera bwanji, achikulire?"

"Taswera, mayi, kaya inu. Makumi anayi akwana. Nyanga khumi izo, nsagwada izo."

Mayiyo anatenga nsagwada imodzi, kuyang'ana mano, n'kuibweza m'katoni mosasangalala. Anavula magalasi n'kutikita maso.

"Achikulire, ine ndatopa. Ndikuuzani chilungamo, pakuti inu ndi ine tagwira ntchito limodzi zaka zitatu. Titayamba, tinawerenga mbawala mazana anayi. Nkhalango iyi ingadyetse mazana atatu basi. Ndinauza akuluakulu anga kuti, 'Musatumize anthu achilendo. Kuli mlenje wodziwa nyama. Achotse zazikazi makumi atatu pachaka, zokalamba ndi zopanda ana, pang'onopang'ono chiwerengero chitsika popanda nkhanza.' Anandiseka, koma anavomera.

"Iwe mtsikana, umaphunzira masamu, tamvera. Mphongo imodzi imakwanira zazikazi makumi awiri. Ungaphe mphongo zonse n'kusiya ziwiri, chaka chamawa ana adzabadwa chimodzimodzi. Wochepetsa gulu amachepetsa amayi. N'zowawa kumva, koma kale ntchito imeneyo ankagwira ndi kambuku, ndipo kambuku sankafunsa kuti uyu ndi mayi kapena bambo. Tinachotsa kambuku ndife. Tinamanga mpanda ndife. Ndiye ntchito ya kambuku inatsalira ife. Tikaikana, imagwiridwa ndi njala, ndipo njala imayambira ana.

"Mabuku anu akuti tachotsa zazikazi pafupifupi makumi asanu ndi anayi. Sabata yatha tawerenganso. Mazana asanu ndi awiri! Ndinati mwina ndalakwitsa. Ndayenda nkhalango yonse katatu, taonani mapazi angawa. Mazana asanu ndi awiri. Akuluakulu akuti njira yanga yalephera, ulenje wa munthu mmodzi suthandiza. Mwezi wamawa atumiza gulu la anthu a mfuti zambiri. Sabata imodzi, mazana anayi pansi. Amenewo sasankha. Yoyamwitsa, ya bere, kamwana, zonse. Ndawachonderera, koma ndilibe chowayankha, pakuti inenso sindikumvetsa pamene masamu anga anathyokera."

Mlenje ankayang'ana nsapato zake. Amayi a Alembi analowa m'nyumba mwakachetechete.

Mayi wa nsagwada anavala magalasi n'kutsegula buku. Chala chake chinatsika mzere ndi mzere mpaka pansi.

"Alembi, apa mwaiwala. Nambala makumi anayi. Inali yotani?"

"Mwana watopa," mlenje anafulumira kuyankha. "Inali..."

"Ndalemba ndine, Ababa. Ndimalize ndine."

Mtsikana anatenga cholembera. Zilembo zinatuluka zokhota ngati za mwana wa sitandade wani. Anabweza bukulo.

Mayiyo anawerenga mokweza. "Yamphongo." Anawerenga nyanga zimene zinali patebulo. "Koma mphongo khumi zakwana kale. Iyi ndi ya khumi ndi chimodzi. Mwaphonya imodzi, achikulire? Zimachitika."

Apa mpata unalipo. Mlenje anakweza maso n'kuyang'ana mwana wake. Maso ake ankapempha kuti zithere pomwepo.

"Si imodzi, mayi," Alembi anatero, mawu ali pansi. "Zina zonse ndinalemba zabodza. Achimwene nawonso. Tabwerani muone."

Anatsogola kupita ku shedi. Anakwera pa chitini, n'kudula chingwe ndi mpeni wosendera. Saka loyamba linagwa pansi khu! Nyanga zinamwazika mpaka pakhomo.

6. Kuwerenga nyanga

Dalaivala anathandiza kutulutsa masaka onse. Anayala nyanga pabwalo ziwiriziwiri, m'mizere ya khumi. Za chaka choyamba zinali zazitali ndi zopotana. Za chaka chachitatu zinali tating'ono. Mizere inakwana isanu ndi inayi.

Mlenje anaima chapatali, chipewa chili m'manja.

"Werengani bwino, mayi. Sindinagulitse ngakhale imodzi."

"Ndaona, achikulire. Mukanakhala wakuba, bwenzi zili zophweka. Ndikanakwiya n'kugona tulo." Mayiyo anakhala pa chitini chija n'kupuma mozama. "Zaka zitatu ndakhala ndikudziyesa chitsiru. Bwanji simunandiuze kuti simungathe?"

"Mukanapatsa wina. Wina akanazipha."

"Ndiye mwazipulumutsa? Pitani pa kasupe mukazifunse."

Mlenje analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kachikwama ka pulasitiki. Anatulutsamo chilolezo, chopindidwa kanayi, chakuda m'mphepete ndi thukuta la zaka zitatu. Anachipereka ndi manja awiri.

"Sindikufuna, koma ndiyenera kutenga," mayiyo anatero. "Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mfuti mubweretse ku ofesi Lolemba m'mawa. Nyanga izi ndipita nazo kwa akuluakulu. Ndikawaonetsa kuti njira sinalephere, sinayesedwe n'komwe. Mwina aimitsa anthu a mfuti aja, mwina ayi. Koma akandifunsa kuti, 'Nanga zazikazizo adzapha ndani, wodziwa yokalamba ndi yoyamwitsa?' ndikayankhe chiyani? Wodziwa zimenezo kuno ndinu nokha."

"Ine ayi, mayi."

"Ndamva."

Anatembenukira kwa mtsikana. "Iwe, sindikuyamikira, chifukwa bodza makumi awiri ndi kasanu ndi kanayi ndi lako ndithu. Koma la makumi atatu walikana pamaso pa bambo ako, ndipo zimenezo akuluakulu ambiri sangathe. Kunyumba kuno kuzizira masiku akubwerawa. Upirire."

Lole inanyamuka ndi nyama, nsagwada, buku ndi masaka a nyanga. Pabwalo panatsala fumbi ndi tizidutswa ta zingwe.

Kunazizira ndithu. Mlenje sanakalipe, sanamenye. Pa chakudya chamadzulo mtsikana anawabweretsera madzi osamba m'manja, n'kugwada monga mwa nthawi zonse.

"Ababa, madzi."

Bamboyo anayang'ana mkazi wake. "Mayi, muuzeni mwana wanu aike pansi."

Dzina lakuti Alembi silinamvekenso tsiku limenelo. Pambuyo pake amayi ake anamupeza kuseri akutsuka mbale, misozi ikugwera m'beseni.

"Lira pang'ono, madzi ndi ochepa," amayiwo anatero, n'kumulanda mbale. "Zaka zitatu ndakhala ndikutukwana mbawala, chonsecho ndimadziwa za kudenga. Pakamwa panga ine panalemera. Pako sipanalemere. Bambo ako ndi mwala, koma ngakhale mwala umatentha ukakhala padzuwa."

7. Msomali wopanda kanthu

M'mawa mwake, Lamulungu, palibe anamudzutsa. Anadzuka yekha dzuwa litatuluka kale. Pabalaza, msomali wopachikapo mfuti unalibe kanthu. Nsapato za bambo ake panalibe pakhomo.

"Amayi, Ababa apita kuti? Ku ofesi ndi mawa."

"Ndawamva akutsegula chitseko. Sanatsanzike."

Mtsikana anathamangira ku shedi. Mpeni panalibe. Thumba panalibe. Koma sowo yodulira nyanga inali lende pamsomali pake.

Ali chiimire choncho, kuchokera cha ku kasupe kunamveka kulira kwa mfuti. Kamodzi kokha. Mbalame zinauluka m'mitengo ya m'mbali mwa mpanda.

Amayi ake anagwira kumutu. "Mayo ine! Munthu wopanda chilolezo! Akamva a ofesi, si ndende imeneyi?"

Alembi analowa m'chipinda. Buku linali litapita, choncho anang'amba tsamba pakati pa kope la masamu, n'kutenga cholembera chake. Anatuluka akuthamanga, osavala nsapato.

"Iwe, ukupita kuti?"

"Kukalemba, Amayi!"

Pamenepa ndi pamene lole ya mnzanga uja inalira, iye n'kutuluka pansi pake ali mafuta okhaokha. Ndinamufunsa kuti nanga mtsikanayo anakapeza chiyani. Anati, "Aaa, achikulire, mukufunsanso? Sowo inatsala! Munthu wosiya sowo wapita kukapha chopanda nyanga. Inali yokalamba yotsimphina ija." Koma nditamupanikiza anavomera kuti tsiku limenelo iye kunalibe, anali kwawo akuchapa zovala.

Ine ndayenda, ndipo ndaona nkhalamba zambiri, inenso ndine imodzi. Madzi saiwala khwawa. Sowo munthu angaiwale chifukwa cha mtima wosweka. Mfuti angakweze, tsaya angaike pamtengo, monga anachitira dzulo lake. Koma chala chimene chakana kwa zaka makumi asanu sichimva mawu a tsiku limodzi. Kuti mtsikanayo anachita bwino, sindikayika. Kuti chimene anakapeza pa kasupe chinali mbawala yaikazi, pamenepo ndiye ndikukayika.